Ndodo ya a Kingi ndi Loko wa Khonsolo

Pamsika pathu pano pa Karonga, mukafunsa kuti a Gregory ndi ati, anthu angoyang'anizana. Koma mukati a Kingi, ngakhale mayi wa nthochi amene wayamba geni dzulo akulozerani kashedi ka malata kamene kali pakati pa golosale yanga ndi benchi ya makala. M'menemo ndimo amasitira zovala za anthu ndi simbi ya makala. Ine ndine Zaituni, ndinabwera kuno kuchokera ku Mangochi ndi malemu amuna anga, ndipo a Gregory ndayandikana nawo zaka zambiri. Ndimawadziwa bwino, chifukwa ali nane ngongole ya sopo imene inayamba tsitsi lawo lisanachite imvi.

Ukingi wawowo sunali wa magazi, unali wa gule. Kuno amuna amavina mapenenga, ena amati malipenga. Amavala zoyera kuyambira chipewa mpaka masokosi, n'kundanda ngati asilikali, ching'oma chikugunda, malipenga a zipanda akulira. Gulu lililonse lili ndi maudindo ake, kaputeni, dokotala, ena otero, ndipo pamwamba pa onse pamakhala kingi, wa ndodo m'manja. A Gregory akatulukira pabwalo atavala jekete yawo yoyera ya mabatani owala, ngakhale ine amene ndimadziwa kuti m'thumba mwa jeketeyo mulibe ndi kobiri lomwe, ndinkaimirira.

Kusita anakuphunzirira ku mgodi wa Kayelekera, kumene ankachapa ndi kusita zovala za ogwira ntchito. Mgodi utaima, anzawo anatsika phiri ndi malata, ena njinga zamoto. Iwo anatsika ndi jekete ija, simbi, ndi luso lothyola mzere wa buluku wakuthwa woti n'kudulira tomato. Ntchito yake ndi ya tindalama ta m'manja, tolowa m'mawa n'kutuluka masana. Tsiku limawakomera magetsi akazima, chifukwa aphunzitsi ndi makalaliki onse amathamangira kwa iwo ndi malaya m'majumbo. Ndi munthu yekhayo amene ndinamumvapo akuyamika Mulungu chifukwa cha kuthima kwa magetsi.

Ngongole anali nazo, koma kuthawa mwini ngongole sankakudziwa. M'mawa uliwonse, asanakoleze n'komwe makala, ankayamba kwa ine ndi moni wa Chinkhonde.

"Mughonile, mama Zaituni! Ngongole yanu yadzuka bwino, musade nkhawa. Ikudya, ikukula."

"Ndikuiona kukula kwake," ndinkatero. "Ibwera liti kwawo?"

"Polepole, mama, pang'onopang'ono. Mwana wa eni ake sitimuthamangitsa."

Akachoka apo ankapita kwa mayi wa makala, moni womwewo. Pakutha pa sabata aliyense wa ife ankalandira kangachepe, kapena ankapeza nsalu zake zitasitidwa bwino osalipira. Ukaipa dziwa nyimbo, ndipo a Gregory nyimbo ankaidziwa. Ndinkakonzekera kuwakalipira ndili kunyumba, mawu onse nditawasanja, koma ndikafika pamsika ndinkathera kuseka.

Vuto linali khonsolo, chifukwa khonsolo sungaisitire malaya. Msonkho wa malo a shedi ndi laisensi ya geni zinatsalira chaka china, chaka chotsatira zinakwerana, mpaka mulu unakula. Sikuti ankakana kulipira. Akazi awo, mayi Emma, anali ndi chitini chimene ankaponyamo kenakake nthawi ndi nthawi, cha msonkho. Koma chilimwe chikafika, mpunga utakololedwa, magulu a mapenenga amayenderana, ndipo lamulo la gulu lawo linali loti alendo akabwera, mbuzi ndi mpunga wa alendowo amapereka ndi kingi. Enawo amasonkha za nkhuni ndi mchere. Choncho chaka chilichonse msonkho wa khonsolo unkadyedwa ndi alendo, n'kutsukira mkamwa ndi chambiko, mkaka wowawasa uja amaukonda kuno.

Wotolera misonkho pamsika pathu ndi a Khumbize, bambo wachinyamata, wamtali, wokonda kuoneka bwino. Mwatsoka, kapena mwamwayi, iwowa ndiwo anali kaputeni m'gulu la a Gregory. Lamlungu masana, pokonzekera gule, a Khumbize ankamenya sawasha kwa a Kingi mpaka chipewa kugwedezeka. Lolemba m'mawa a Kingi ndiwo ankavula chipewa kwa a Khumbize. Zinkayenda choncho, wina kulemekeza mnzake pa tsiku lake, mpaka chaka chatha pamene a Khumbize anafika pashedi nkhope itagwa.

"Dada, zandikulira," anatero. "Akuluakulu anena kuti onse otsalira alipire mwezi uno usanathe. Apo ayi, ndibwere ndi loko. Ine ndemwe, dada."

Mwezi womwewo ndi umene gulu la ku Hara, la alimi a mpunga, linali kubwera kudzavina.

A Gregory anaganiza zopita okha ku ofesi kukapempha kuti azilipira pang'onopang'ono. Maganizo anali abwino. Koma m'mawa wake nditawaona, ndinagwira pakamwa. Anavala za ukingi zonse, jekete yoyera mbee, tayi, masokosi ofika m'mawondo, nsapato zowala ngati galasi.

"A Kingi, mukukapempha chifundo kapena mukukagula khonsolo?" ndinafunsa. "Valani malaya akutha, aone kuti ndinu munthu wovutika."

"Yayi, mama. Ku ofesi ya boma munthu sapita ngati akuchokera kudimba. Ndi ulemu."

Anapitadi. Kumeneko anapeza mayi wina watsopano, a Sheila, wochokera ku Zomba, amene za mapenenga sankazidziwa. Mayiyo atangowaona anaimirira, anawapatsa mpando wabwino, n'kufunsa ngati abwana akufuna madzi akumwa. A Gregory atafotokoza za umphawi wawo, mayi uja anayang'ana mabatani, anayang'ana nsapato, n'kuseka poganiza kuti ndi nthabwala. Zinatengera mlonda wa pakhomo kulowererapo kuti amfotokozere kuti bamboyu ndi wosita wa kumsika. Pamapeto pake a Sheila anawachitira chifundo ndithu. Anati akapereka theka mwezi usanathe, zotsalazo azilipira mwezi ndi mwezi ndipo shedi sitsekedwa.

Theka lija linali ndendende zimene zinali m'chitini cha mayi Emma. Linalinso mtengo wa mbuzi ndi mpunga wa alendo a ku Hara. Chitini chinali chimodzi.

Masana ake a Gregory anabwera kugolosale kwanga, n'kuyamba kuyamikira mmene ndasanjira sopo. Ndinadziwiratu kumene nkhani ikulowera.

"Musavutike, a Gregory," ndinawadula. "Ya mbuzi sindikubwereketsani. Mukanati ya mankhwala kapena fizi ya mwana, bwenzi ndikumasula mpango pompano. Koma kuti anthu a ku Hara, eni ake mpunga, adzadye mpunga wa ngongole? Iyayi."

"Mama, simukumvetsa. Kingi wosadyetsa alendo amuimba nyimbo mpaka ku Chilumba."

"Nanga kingi wotsekeredwa shedi amuimba mpaka kuti?"

Anabwerera kushedi kwawo. Ndinalankhula mokalipa, koma kunena zoona mtima unkandipweteka. Munthuyu moyo wake wonse wakhala akuwongola makwinya a zovala za anthu ena, m'kashedi kotentha ngati uvuni, ndipo malo okhawo amene anthu ankamuimirira anali pabwalo paja. Mayi Emma nawo anali atanena kale zawo kunyumba. Anati chaka chino chitini achigonera, ndipo wofuna kuchitenga ayambe wawasuntha iwo.

Kwa masiku angapo moni wa m'mawa uja unazilala. Ankasita ali chete, osaimba mluzu. Mayi wa makala anandifunsa ngati a Kingi akudwala.

Lamlungu ndinapita kubwalo la sukulu kumene amakonzekera gule, monga ndimachitira, kukagulitsa maswiti ndi mafilizesi. Atavina nyimbo ziwiri, a Gregory anakweza ndodo, ng'oma n'kukhala chete. Analankhula m'Chinkhonde, chimene ndimachimva koma kuchiyankhula lilime limandikana. Anati mawondo ayamba kuwauza nkhani, ndipo gulu likufunika mtsogoleri wa magazi otentha, munthu wa ntchito ya boma, wodziwika pamsika ponse, wolemekezeka, amene alendo akamuona adziwe kuti kuno kuli amuna. Mawu alionse otamanda akamatuluka, khosi la a Khumbize linkatalika. Aliyense ankadziwa kuti ndodo imeneyo akhala akuiyang'ana kuyambira kale.

Gulu linavomera ndi mfuwu. A Gregory anavula jekete ija, anaipinda bwinobwino monga amapindira za makasitomala, n'kuipereka pamodzi ndi ndodo. A Khumbize anaivala, mikono inawafupikira pang'ono, koma anazungulira bwalo lonse akumwetulira mpaka mano a m'mbali kuonekera.

Kenako mkulu woimba ng'oma anatsokomola n'kunena kuti, "Tayamika, a Kingi atsopano. Tsono alendo akufika Loweruka. Mbuzi ikhale yonenepa, chaka chatha anadandaula."

Kumwetulira kuja kunazima ngati magetsi athu. A Khumbize anatembenuka kuyang'ana a Gregory, koma iwo anali atapita kale kumzere wakumbuyo, akukonza masokosi, nkhope ili phee ngati munthu wosadziwa kanthu. Ine ndinaseka mpaka maswiti kutayika. Walira mvula walira matope.

Lolemba mayi Emma ananyamula okha chitini mpaka ku khonsolo, amuna awo akutsatira pambuyo. Anabwerako ndi risiti, ndipo a Gregory anaikhomera pakhoma la shedi, pamwamba pa thebulo lositira, kuti aliyense wolowa aione.

Lachisanu a Khumbize anatulukira ndi jekete ija m'jumbo, itakwinyika. Mbuzi anali atagula, mpunga atagula, ndipo mwezi unali usanathe. Anaima pakhomo pa shedi akukanda kumutu.

"Dada, mundisitireko. Koma ndalama... ndidzapereka malipiro akatuluka."

A Gregory anaiyang'ana jekete ija. Anailandira ndi manja awiri, anapukuta thebulo, anasankha makala abwino, n'kuisita nthawi yaitali kuposa chovala china chilichonse chimene ndinawaonapo akusita. Batani lililonse analipukuta palokha.

Loweruka bwalo linadzaza, fumbi lili koboo. A ku Hara anavina bwino, sindingawanamizire. Kenako linalowa gulu lathu, a Khumbize patsogolo, jekete ikuwala, ndodo m'mwamba. Koma ine maso anga anali kumbuyo kwenikweni, kumene kumaima anyamata ongoyamba kumene. Kumeneko kunali a Gregory, atavala malaya oyera wamba, imvi zili mbuu pakati pa ana oti ndi adzukulu awo. Mawondo amene ankati akuwapweteka aja ankakwera kuposa a wina aliyense. Mzere utafika pamaso pa kingi, anaima njo, n'kumenya sawasha kwa a Khumbize, yeniyeni, yopanda chipongwe. Pamenepo misozi inandilengeza, ine amene ndinawakaniza ndalama. Mayi Emma anali pafupi nane, ndipo nthungululu yawo inamveka kuposa ng'oma.

Lolemba lotsatira shedi inatsegulidwa monga mwa masiku onse, popanda loko wa munthu. Theka lina la msonkho likadalipo, ngongole yanga ya sopo nayo ikadali moyo. A Gregory anandipatsa moni wanga, anapatsa mayi wa makala wake, n'kuyamba kukoleza simbi akuimba mluzu. Posakhalitsa a Khumbize anatulukira ndi matikiti awo a msika, ndipo atafika pafupi ndi shedi anayamba kuyenda mothamanga, nkhope atalozetsa kwa ogulitsa nsomba.

A Gregory anatuluka, simbi ili m'manja, n'kukuwa msika wonse ukumva.

"Mughonile, a Kingi! Musathawe, dada, sitichita choncho. Bwerani mudzandiuze ngati ngongole yanga yadzuka bwino!"