Ng'oma ya adadi siyovinika

Loweruka lapitali chidole cha ana chinandiyalutsa pagulu.

Sukulu atsekera, kunja kukutentha moti ngakhale amphaka a ku Karama, kuno kudziko la Aluya, sakuwoloka msewu masana. Ana anatopa kubindikira m'fulati. Ndiye mkazi wanga, mayi a Tadala, anati tiwapititse ku myuziyamu ya sayansi, ija amalola ana kugwiragwira chilichonse. Ine ndinavomera msangamsanga. Ntchito yanga ndi yokonza makina oziziritsa m'nyumba zitalizitali za ku Marina, choncho ndinati kumeneko ana akaona okha kuti bambo awo ndi injiniya weniweni, osati wongovala ovolosi.

Poyamba zinayendadi mmene ndinkafunira. Panali chimpira chachitsulo chimene ukachigwira tsitsi limaima njo. Ana a eni ake linkawaimadi, koma la Tadala, mwana wathu wamkazi wa zaka zisanu ndi zinayi, silinasunthe n'komwe chifukwa amake anali atalimanga zingongo dzulo lake. Anakwiya. Mlongo wake Yamikani, wa zaka zisanu, anali kalikiliki kupanga thovu lalikulu kuposa mutu wake. Ine ndinkangofotokoza za magetsi mokweza mawu, ngakhale panalibe amene anandifunsa.

Kenako tinalowa m'chipinda cha za thupi la munthu.

Pakati pa chipindacho anaikapo ching'oma chachikulu chopanda woimba. Patsogolo pake pali zogwirira ziwiri zachitsulo. Ukazigwira ndi manja onse awiri, makina amamvetsera mtima wako, ndiye kandodo kamamenya ng'oma ija motsatira kugunda kwa mtimawo.

Anayamba ndi Yamikani. Ng'oma inathamanga ngati ya mganda, Tadala n'kuyamba kudumphadumpha. Anabwera amake. Yawo inalira modekha, du, du, du, ndipo Tadala anaivinira ndi mapewa ngati amayi a kwaya akamapita kutsogolo m'tchalitchi.

"Yalla adadi, inu tsopano!"

Ndinagwira zitsulo zija ndikumwetulira. Du. Du. Du. Zii. Kenako dudu, mothamanga. Du. Ziinso.

Tadala anali atanyamula kale mwendo kuti aponde. Anaima choncho, mwendo uli m'malere, kudikira ng'oma imene sinkabwera. Anayesanso, n'kuphonyanso. Atatero anatembenuka n'kunena mokweza, ngati akundineneza kwa aphunzitsi: "Adadi, ng'oma yanu siyovinika!"

Mwana wa ku Malawi sunganamize pa nkhani ya ng'oma. Akhoza kuiwala Chichewa china, koma ng'oma ikaphonya khutu lake limadziwa.

Ndinaseka kwambiri kuposa aliyense. "Sensa yatopa iyi," ndinatero. "Makina awa ndimawadziwa ine." Ndinapukuta manja pa thalauzi n'kupatsa mpata bambo wina wachimwenye amene anali pambuyo panga. Yake inalira bwinobwino, osaphonya ngakhale kamodzi. Ndinagwiranso ine. Du. Du. Zii.

M'chipindamo munali phokoso la ana, koma ine ndinkangomva pamene ng'oma yakhala chete. Ndinachita mantha, abale, mantha enieni ngati a mwana.

Mayi a Tadala sanaseke. Kumudzi anagwira unamwino zaka zambiri, ndipo kuno akudikira kulemba mayeso kuti awalole kugwira ntchito yawo. Anandiyang'ana mmene ndinkawaonera akuyang'ana odwala amene akunena kuti amamwa mankhwala pomwe sakumwa.

Tsono ndiulule, poti inu owerenga ndime yanga ino ndinakulonjezani kuti sindidzakunamizani. Sensa ija inalibe mlandu. Patha miyezi inayi mtima wanga ukuchita zimenezi. Umaphiriphitha m'chifuwa ngati nkhuku yoti waigwira mapiko, kenako umakhala ngati waiwala ntchito yake. Tsiku lina ndikutsika padenga la nyumba ina ku Marina m'maso munachita mdima, ndinakhala pansi pa masitepe. Mnzanga wa ku Pakistan amene ndimagwira naye ntchito anandifunsa chavuta n'chiyani. Ndinati ndi dzuwa. Anandipatsa botolo la madzi, nkhani n'kuthera pomwepo. Kunyumba sindinanene kanthu. Tangoganizani, munthu kugona nyumba imodzi ndi namwino miyezi inayi, n'kumabisa dzanja kuti asakugwire pamkono!

Mufunsa kuti ndinkabisiranji? Inu amene muli kuno yankho mukulidziwa kale. Viza ya mkazi wanga ndi za ana awiriwa zinapachikidwa pa viza yanga, ndipo yanga inapachikidwa pa ntchito. Ntchitoyo ndi yokwera madenga dzuwa likuswa mtengo. Ndinkati dokotala akangolemba kuti mtima wa munthuyu suli bwino, bwana adzandiuza mwaulemu kuti khalas, zatha, ndipo anthu anayi tidzakwera ndege, Tadala atasiya sukulu pakati, amake asanalembe mayeso awo.

Kodi alipo anandiuza kuti zimatero? Palibe. Sindinafunse ku ofesi, sindinafunse dokotala, khadi lachipatala limene kampani inandipatsa lili m'chikwama chikhalire. Lamulo limeneli ndinalilemba ndekha m'mutu mwanga, n'kuyamba kulimvera ndekha.

Ndipo sindili ndekha, musandiseke msanga.

Pa gulu lathu la pafoni la Amalawi ndi anzathu a ku Zambia, uthenga wa maliro ukabwera pali mawu amodzi amene amabwerabwera. "Sanadwale ayi, anangogwa." Anangogwa akutsuka mbale kwa madamu. Anangogwa pageti ali pa ntchito ya ulonda. Ife timalemba kuti pepani, imfa ilibe odi, n'kupitiriza ntchito. Ndakhala ndikuwerenga mawu amenewa ngati nkhani ya mphezi, yogwera aliyense mwadzidzidzi. Kuyambira Loweruka ndikuwawerenga mwina. Mwa ongogwa aja, ndi angati amene anayamba akhala pansi pa masitepe n'kunena kuti ndi dzuwa?

Pali mlongo wina amene timapemphera naye, amalera ana a banja lina ndipo amagona konko. Anandiuzapo akuseka kuti mutu ukamupweteka amamwera panado m'bafa chitseko chili chotseka, kuopa kuti madamu angaone ngati analemba ntchito munthu wodwaladwala. Ine ndinaseka naye. Lero ndikakumbukira kuseka kwangako ndikuchita manyazi.

Kwathu matenda amakhala a mudzi wonse. Ukangotsokomola kawiri, azakhali atulukira kale ndi mandimu, wina akukuuza kuti nkhope yakoyo siili bwino, mawa upite kuchipatala. Zinkatitopetsa, tinkati anthuwa ndi olondalonda. Kuno palibe wokulonda. Ukati "ndili bwino," aliyense amakhulupirira chifukwa nayenso akuthamangira basi ya kuntchito. Tikamaimba foni kumudzi timasankha pomwe pali kuwala kwabwino, kumbuyo kukuoneka nyumba zonyezimira. Munthu amene akuoneka choncho angayambire pati kunena kuti usiku ndi usana akuopa mtima wake womwe?

Akuluakulu anati chakudza sichiimba ng'oma. Changa chinaimba, pamaso pa ana anga ndi alendo osawadziwa, ndipo ine chimene ndinachita n'kunyoza sensa.

Ndisakunamizeni kuti chidole chija ndi dokotala. Pambali pake analembapo okha kuti n'chongophunzitsira ana, sichiyeza matenda. Ndinawaonetsa mayi a Tadala chikwangwanicho ndi chala, monyadira ngati ndawina mlandu. Sanachiyang'ane n'komwe. Anangoti, "Ana atopa, tiyeni."

Masiku onse tikakwera sitima ya Metro iwo ndi ana amakalowa mbali ya amayi ndi ana, ine n'kutsala kwa anthu wamba. Tsiku limeneli anabwera kudzaima pafupi nane m'chikhamu. Ana anakanirira pawindo kuwerenga nyumba zazitali. Ndinangomva dzanja lawo likugwira mkono wanga, zala ziwiri zitatsamira pamtsempha. Woona akanati ndi chikondi cha anthu okalambirana. Koma maso awo anali pa wotchi, milomo ikuyenda pang'onopang'ono.

Tinadutsa siteshoni imodzi. Tinadutsa yachiwiri.

"Zinayamba liti, bambo a Tadala?"

Ndinafuna kunena za dzuwa. Koma ndinawauza zonse, za masitepe, za mdima m'maso, za viza zinayi zimene ndimazisenza ndikamakwera padenga. Ndinati ndinkateteza banja.

Sanakalipe, ndipo bwenzi zili bwino akanakalipa. Anandiuza motsitsa mawu kuti Lachiwiri m'mawa tikupita limodzi kuchipatala, ndipo bwana wanga ndimuuze ndekha kapena amuuza iwo. Ndinayesa kunena kuti mwina tidikire kaye alembe mayeso awo, inshallah zinthu zikhazikike. Apa m'pamene zala zija zinandifinya.

Lachiwiri lake ndi mawa. Sindikudziwa chimene akandipeze nacho. Mwina ndi kanthu kakang'ono kongofuna mapiritsi, mwina ayi. Ndikuopa makina awo, ndikuopa nkhope ya dokotala akamawerenga pepala, ndikuopanso ofesi ya bwana. Ndikanakhala ndi njira yozembera, mwina ndikanazembanso, chifukwa mantha sanandichoke. Chimene chikundipititsa ndi funso limene mayi a Tadala anandifunsa sitima ikuima pa siteshoni yathu, chitseko chikutseguka, anthu akutikankha.

"Viza ikatha timakadinditsa ina. Tikathamangitsidwa kuno, kwathu kulipo. Nanga inu mukatha, ana awa ndikawadinditsira kuti bambo ena?"

Inu amene mukuwerenga izi pa nthawi yopuma, mapiritsi mutawabisa pansi pa yunifolomu m'chikwama cha kuntchito, wanu akakufunsani funso limeneli mumuyankha chiyani?