Amayi Anasankha Bwato la Chimanga

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene amayi anandithyapa padzanja anthu achilendo akuona. Sikunali kumenya kwenikweni, ankangofuna kuti ndisiye kapulana yawo, nsalu yovala m'chiuno, imene ndinaigwiritsa. Koma kwa ine tsiku limenelo zinali ngati andikana.

Panali patapita zaka zochepa chibwerere kuchokera ku Zambia, kumene nkhondo inatithamangitsira. Abambo anatsalira komweko, m'manda. Pakhomo pathu ku Chipera tinalipo awiri okha, ine ndi amayi, ndipo kulikonse kumene iwo ankapita ine ndinali pambuyo, mpaka anzawo ankandinena kuti ndine mchira wawo. Chaka chimenecho chimanga chinachita bwino. Amayi anamva kuti asodzi a kunyanja ya Kahora Basa amasinthanitsa chimanga ndi nsomba zamchere zija timati chikowa, choncho anabwereka ngolo ya amalume, ndipo tinatsika ndi matumba athu mpaka padoko.

Ine mwana wa kumtunda, madzi amene ndinkawadziwa anali a pachitsime ndi a m'khwawa. Pamenepo ndinaona zina. Mtsinje sulowa m'nyanja mwaulemu ayi. Umayamba wagawikagawika m'timitsinje tambirimbiri topindika pakati pa bango lalitali kuposa denga la nyumba, ndipo munthu wosadziwa akalowamo satulukamo. Misasa ya asodzi inali kuseri kwa bango lonselo, ulendo woti ugone panjira.

Otiwolotsa anali awiri. A Zuze anali achikulire, aimvi, osakonda kulankhula. A Kandiyero, mwana wa mlongo wawo, anali mnyamata wanthabwala, woseka ndi mano onse. Aliyense anali ndi bwato lake losema. Chimanga chonse anachilongedza m'bwato la a Kandiyero, lomwe linali lalikulupo, mpaka linatitimira, madzi n'kutsala pang'ono kufika pamilomo. Kenaka amayi anaitanira a Zuze pambali, nalankhulana motsitsa mawu. Ndinaona a Zuze akupukusa mutu, amayi akulimbikira.

Atabwerera amayi anati, "Rozina, iwe ukwera ndi atiyu a Zuze awa. Ine ndikwera la chimangali."

"Ayi amama, ine ndikhala pamwamba pa thumba. Sindilemera ine."

"Ndanena kale."

Apa m'pamene ndinagwira kapulana yawo ndi manja onse awiri, iwo n'kundithyapa. Sanandiyang'ane n'komwe. Anatenga chigubu chathu chachikasu cha madzi akumwa, chimene anachimanga kansalu kofiira pachogwirira, nakakhala pakati pa matumba ngati mfumukazi ya chimanga. Amayi anga, amene usiku sankagona ndisanafunde, anasankha chimanga n'kusiya ine!

Bwato lathu pokhala lopepuka linatsogola. Ndinatupa masaya ulendo wonse, ndipo ndinalumbira chamumtima kuti sindidzawalankhulanso mpaka nditakwatiwa. Madzi ankanunkha matope ndi udzu wovunda, mbalame zoyera zinkauluka m'bango tikayandikira, koma ine ndinkangoyang'ana zala zanga. Pamakhotero alionse a Zuze ankagogoda bwato ndi nkhafi, go go go, ndipo kumbuyo kutali bwato la a Kandiyero linkayankha chimodzimodzi. Chidwi chitandipambana ndinafunsa chifukwa chake.

"Tikuchita odi kwa eni ake," anatero. "Mvuu sikonda mlendo wongotulukira."

Dzuwa litapendeka tinafika pakachilumba kamchenga kamene anapangana kuti tigonepo. A Zuze anakokera bwato kumtunda, anazika mitengo n'kumangapo lona, anatola nkhuni zimene madzi anasiya, nakoleza moto waukulu kuposa wofunika kuphikira. Anawotcha nsomba ziwiri ndi chinangwa. Kenaka anapita kubwato n'kugogoda. Tinamvetsera. Kunayankha achule okha. Anagogodanso mwamphamvu, ndipo ndinaona kuti asiya kutafuna.

Kuwala kusanathe, chinthu chachikasu chinatulukira pamakhotero, chikuyandama pang'onopang'ono, chikuzungulira chokha. A Zuze analowa m'madzi mpaka m'mawondo n'kuchikoka ndi nkhafi. Chinali chigubu chathu, kansalu kofiira kali pomwepo.

Sindinalire nthawi yomweyo. Ndinangochikumbatira chigubucho, chili chonyowa ndi chozizira. Kenaka ndinakuwa kuti tibwerere, tikawafune.

"Mdima wagwa, mwanawe," anatero a Zuze. "Tikalowa m'bangomo tsopano, mawa kudzasowa wokafuna mnzake."

"Nanga munatisiyanitsiranji? Ndikanakhala nawo ine!"

Anandiyang'ana ngati akuyesa ngati msinkhu wanga ungasenze zimene ankafuna kunena. Kenaka ananena mosazungulira, monga mmene munthu amanenera kuti mvula ibwera.

"Kuno a pakhomo limodzi sitiwakweza bwato limodzi. Likagubuduzika limodzi, lina lipulumuke, pakhomo pasamere udzu. Amako ndinawauza zimenezi padoko paja. Ndinati iwo akwere ndi ine, iwe ukhale pachimanga popeza ndiwe wopepuka. Anandifunsa kuti mvuu ikadzuka, bwato lotha kuthawa ndi liti. Ndinawauza zoona, kuti lolemera silithawa. Ndiye anati, mwanayo mutenge inu."

Tsiku lonse ndinkawatukwana mumtima kuti akonda chimanga, pamene iwo anali atawerengera imfa padoko pomwe paja, n'kuikhalira okha. Chimene chinandiopsa kwambiri sichinali mvuu kapena mdima. Chinali choti anthu akuluakulu angathe kukambirana modekha, dzuwa likuswa mtengo, za amene afe ndi amene atsale, kenaka n'kunyamula chigubu n'kukwera.

Za usikuwo ndilibe zambiri zonena. Udzudzu unatidya, mvuu zinkabuula kwinakwake, a Zuze sanagone, ankangosonkhezera moto. Ine ndinapemphera mapemphero onse amene ndinkawadziwa, ngakhale la pachakudya.

Kum'mawa kutangoyera tinakwera, popeza sakanandisiya ndekha pamchenga. Tinapalasa mobwerera, motsutsana ndi madzi, a Zuze akugogoda ndi kuitana dzina la mwana wa mlongo wawo. Tinapitirira nkhafi itakodwa m'bango. Patsogolo pang'ono tinaona bwato lalikulu lija litagadabuka, mbali imodzi itaboweka chibowo choti mwana angalowemo. Ndinatseka maso. Pomwepo tinamva mluzu.

M'madzi amenewo muli mitengo youma imene inamira pamene anatseka mtsinje ndi damu nyanja n'kudzaza, yoyera ngati mafupa. Pamphanda ya umodzi panali a Kandiyero, nthabwala zonse zitawathera. Pamwamba pawo panali amayi, atadzimangirira kunthambi ndi kapulana yomwe ija. Nkhope yawo inali itatupa ndi udzudzu mpaka maso kutsala timing'alu, milomo itayera. Tinamva pambuyo pake kuti mvuu yokhala ndi mwana inawadzukira pansi, ndipo amayi, amene sankadziwa kusambira, a Kandiyero anachita kuwakoka ndi tsitsi mpaka pamtengopo.

Ndinaimirira m'bwato, ndinatambasula manja, ndikukuwa kuti amama, amama. Ndinkayembekeza kuti alira, anditchula dzina, athokoza Mulungu. Iwo anayang'ana a Zuze, ndipo mawu awo osasa anatuluka aukali.

"Mwabwera nayeranji mwanayu kuno? Chilombocho chili pompano!"

"Tsikani mayi, tonse tikwana," anatero a Zuze.

"Sinditsika. Mwambo munandiuza ndinu dzulo, lero mwauiwala? Mutengeni Kandiyero, mukawasiye awiriwa pamchenga, mudzanditenge pambuyo."

A Zuze anayesa kuwanyengerera, anati bwato n'lopepuka, anati masana mvuu imagona. Amayi anangomangitsa mfundo ya kapulana yawo. Choncho kachiwiri m'masiku awiri ndinachoka n'kuwasiya, ulendo uno ndikuwaona ndi maso, kamunthu kakang'ono pamtengo wouma pakati pa madzi, mpaka bango linawabisa. Ndinalira mpaka kusanza. A Zuze atatisiya pamchenga paja, a Kandiyero anandigwira phewa.

Dzuwa linali litakwera pamene tinamva go go go pamakhotero. Amayi atatsika miyendo inawakanika, anagwa chogwada m'madzi osaya. Ndinawathamangira, ndipo apa sanandithyape. Anandigwira mutu, kundinunkhiza m'tsitsi ngati mbuzi ndi kamwana kake, kenaka anafunsa ngati ndinadya. Chimanga chonse chinatsala pansi pa madzi. Kwathu tinabwerera ndi chigubu chokha ndi tinsomba timene asodzi anatipatsa mwachifundo, ndipo chaka chimenecho tinadya za kwa amalume.

Amayi sanakambeponso za ulendowo, kupatula kudandaula za matumba awo, amene ankati anali atsopano. Anamwalira ali nkhalamba, pamphasa pawo, zidzukulu zitawazungulira.

Ndili mwana ndinkadziwa kuti wokukonda amakukokera pafupi. Za wokukonda amene amakukankha, n'kulola kuti umude tsiku lonse, ndinaziphunzira m'bango muja. Lero ndili ndi ana anga ku Fingoe, ndipo nthawi ya dzinja tikamapita kumudzi, mitsinje itadzaza, sindikwera njinga yamoto imodzi ndi mwana wanga wamkazi. Iye ndimamukweza ya woyendetsa wachikulire, ine n'kukwera ya katundu. Chaka chatha anandigwira kapulana, nati amama simundifuna. Ndinamumasula zala chimodzichimodzi, ndipo sindinathe kumuyang'ana. M'pamene ndinadziwa chifukwa chake amayi sanandiyang'ane padoko paja.