Ndinamangidwa chifukwa cha mayi wa ku Japani

Anabwera Lachiwiri m'mawa, msika wa Lizulu utadzaza kachewere ndi kabichi. Ndinali kusesa m'chisakasa changa choonetseramo mafilimu pamene apolisi awiri anagogoda pa chitseko, ngakhale chinali chotsegula.

"Ndiwe umayankhulitsa anthu a pa kanema? Tenga tepi ija, tiye."

Sukulu ndinasiyira Sitandade 6, nditamenyana ndi aphunzitsi. Ntchito yanga inali kumasulira mafilimu pa maikolofoni. Chizungu ndimangochitola, Chijapani ndiye ayi ndithu. Ndinkangoona milomo n'kupeka mawu. Tepi imeneyo inabwera m'katoni ya mafilimu a karate, koma munalibe chibakera ngakhale chimodzi. Inali yakalekale, yopanda mitundu. Munali mayi wina amene ankagwada ngati mkazi wa kwathu, kuthira tiyi, bambo wamimba akumukalipira, iye n'kumangomwetulira. Bamboyo ndinamupatsa mawu a mkulu wina wa chipani wa m'dera lathu, ndi katsokomoledwe kake komwe. Inali nyengo ya kampeni. Anthu anaseka mpaka kugwa pa mabenchi.

Masiku anayi oyamba sanandifunse kanthu. Lamba ndi nsapato anatenga. M'chitolokosi tinadzazana, tinkagona chammbali, kutembenuka onse pamodzi. Za Lachinayi sindilemba zambiri. Dzino lomwe linatsala kumeneko linali lobooka kale.

Loweruka ananditengera ku ofesi. Mkulu wawo anali atabwereka kanema ndi deki. Anaika tepi ija.

"Masulira. Mayiyu akuti chiyani?"

"Sindikudziwa, bwana."

"Ndiye pamsika paja unkadziwa bwanji, galu iwe?"

Ine munthu akanditukwana dzanja limapita lokha, ndipo mpando wachitsulo unali pafupi. Ndinadziwa kuti ndikangounyamula, chimanga cha amayi ku Biriwiri chikololedwa kangapo ine kulibe. Pa kanema bambo uja anali kukalipa. Mayiyo anaweramitsa mutu, n'kumwetulira. Apo m'pamene ndinaona manja ake: anali atafinya nsalu pabondo mpaka zala kuuma. Filimuyi ndinaionetsa kasanu, koma zimenezo sindinazione. Nanenso ndinafinya buluku langa, n'kumwetulira.

Mkuluyo anandiyang'ana. Kenako anatembenuza chikuto cha tepi, pomwe panali kandime ka Chizungu, n'kuwerenga milomo ikugwedera.

"Akuti mayiyu anali wotchuka pa mafilimu dziko lonse la kwawo. Kenako anangosiya, osaonekanso."

"Anamumanga?" ndinafunsa.

"Sanalembe."

"Kapena anakwatiwa ndi wansanje, bwana," anatero wapolisi wa pakhomo.

"Iwe takhala chete, tione."

Tinaonera mpaka kumapeto, anthu atatu, osamvapo liwu ngakhale limodzi.

Lolemba ananditulutsa popanda mlandu. Tepi anati ndi umboni. Lamba anandibwezera wa munthu wina.

Dzina la mayiyo mkulu wa apolisi uja analitchula kamodzi, lilime likumupindika, ine sindinaligwire. Mpaka lero ndimadzifunsa: kodi anamutseka pakamwa, kapena anasankha yekha kukhala chete? Woonera sangasiyanitse. Amadziwa ndi mwini wake.

Maikolofoni ndinaigwiranso sabata yomweyo. Masiku ano bambo wamimba aliyense akatulukira pa kanema, anthu amatembenukira kwa ine, kudikira. Tsiku lina ndimatsokomola, tsiku lina ayi. Wosankha ndine.