Chipinda cha Anti Chinalengezedwa Kutchalitchi

Loweruka, 14 Malichi 1998, Hyattsville

Ndadzuka mtima uli wolemera, osafuna ngakhale kutsika pabedi. Kuchipinda cha anti kumamveka tepi yomatira makatoni ikung'ambidwa. Mawa akusamuka. Ndikufuna kulemba zonse mmene zayendera, chifukwa ndikamaziganiza m'mutu mokha mlandu umathera pa ine nthawi zonse. Mwina ndikaziona papepala ndipeza pena pomwe sindinalakwe.

Anti si achibale athu. Kwawo ndi ku Mangochi, ife kwathu ndi ku Dedza. Anadziwana ndi amayi kuntchito, kunyumba yosamalira okalamba komwe onse awiri amasambitsa ndi kudyetsa nkhalamba. Nthawi imeneyo ine ndi amayi tinali titangolowa m'nyumba ino ya zipinda ziwiri, ndipo lendi inkawakulira amayi paokha. Ine ndinasamukira kuchipinda cha amayi, anti anatenga changa. Papita chaka ndi miyezi isanu ndi iwiri.

Zoti anti ndi Msilamu amayi ankazidziwa kuyambira tsiku loyamba, ndipo sizinali nkhani. Poto ndi chiwaya cha anti anazipaka kadontho ka utoto wofiira wa m'zikhadabo pachigwiriro kuti tisamaphikiremo nkhumba. Shelefu yapamwamba mufiriji inali yawo. Amayi ankakonda kuwaputa akamakazinga masoseji.

"Achemwali, tsiku lomwe mudzalawe kameneka mudzalira zaka zonse mwatayazi."

"Inu muyambe mwasiya masipuni anayi a shuga mutiyi," ankayankha anti, "kenako mudzandilalikire."

Amayi nthawi zambiri amagwira mashifiti awiri motsatizana. Anti amaweruka fili koloko masana. Choncho ndikatsika basi ya kusukulu, amene ndinkawapeza panyumba ndi anti. Ndiwo ankandiluka tsitsi. Ndiwo anandiperekeza kukagula jekete langa loyamba la nyengo yozizira, n'kukana lomwe ndinalikonda ati ndi lokongola ngati la mkwati koma lopyapyala ngati khoko la anyezi. Atsikana a m'kalasi mwathu atayamba kunditsanzira kalankhulidwe kanga ka Chingerezi, ndinakalirira pamiyendo pa anti. Amayi tsiku limenelo anabwera ine nditagona kale.

Mu Januwale anti anali pa mwezi wawo wosala kudya. Ndinkawaona akuweruka milomo itauma, n'kukhala pabalaza kudikira dzuwa kuti lilowe, okhaokha, pomwe kwawo akanakhala ndi mudzi wonse. Tsiku lina Lachitatu ndinaganiza zosala nawo. Sindinauze munthu. Chakudya chomwe amayi anandilongedzera ndinabwerera nacho m'chikwama osachikhudza. Nditawauza anti, anandikalipira.

"Iwe mwana, kusala uku si kwako. Amayi ako akudziwa?"

Ndinati ayi, koma latsala ndi ola limodzi lokha, mundilole ndimalize. Anapukusa mutu n'kundisiya. Dzuwa litalowa tinakhala pansi pakapeti, anandipatsa zipatso za tende zitatu ndi kapu ya madzi. Mpango wawo wobiriwira unali pasofa, ndipo ndinaufunda kumutu mongosewera, kuti ndiwaseketse. Anasekadi. Tili mkati moseka, kiyi anazungulira pachitseko. Amayi anali atasinthana shifiti ndi mnzawo.

Anangoti, "Mwaswera bwanji achemwali," n'kulowa kuchipinda. Atatsegula chikwama changa kuti atsuke kontena, anapeza mpunga ndi nyemba zili momwe anaikira m'mawa.

Sanandimenye, sanakuwe. Anadikira mpaka Loweruka m'mawa tili kochapira zovala, kuchipinda chapansi cha nyumba yathuyi, makina akuzungulira.

"Bambo ako anagona ali mkulu wa mpingo," anatero akupinda yunifolomu. "Ndinakutenga m'manja mwa abale awo ndi lonjezo. Ndikadzabwerera nawe utafunda mpango, ndidzawauza chiyani? Kuti ndinali kushifiti?"

Ndinawafotokozera kuti anti sanandiuze, kuti anandikalipira, kuti mpangowo anali masewera. Amayi anati akukhulupirira zonsezo. Anati vuto si anti, vuto ndi lakuti mwana amatengera amene amamupeza panyumba, ndipo amene ndimamupeza panyumba si iwo.

Kunyumba kuno ntchito zonse za Chingerezi ndi zanga: mafoni, mafomu, makalata a kusukulu. Ndiye kumapeto kwa Febuluwale amayi anandipatsa cholembera n'kunena kuti ndilembe chidziwitso cha m'nyuzipepala yaing'ono ija imagawidwa kwaulere pasiteshoni ya sitima. Chipinda chilipo ku Hyattsville, pafupi ndi basi, tikufuna mayi wosasuta, wa Chikhristu yekha. Ndinafunsa ngati anti akudziwa. Anati adzawauza akapeza munthu, kuti asawavutitse mtima msanga.

Ndinaimba foni kunyuzipepalako kuti ndiwawerengere chidziwitsocho. Mayi wa kunyuzipepala anandimvetsera mpaka nditafika pa mawu omalizawo, kenako anandidula. Anati zoti tikufuna mkazi atha kulemba, popeza tigwiritsa ntchito bafa limodzi, koma za chipembedzo sangazisindikize. Lamulo la dziko lino limaletsa kulengeza nyumba mosankha chipembedzo kapena mtundu wa munthu, ndipo nyuzipepalayo ikhoza kulowa m'mavuto. Ndinamuthokoza kawiri. Sindikudziwa ngati anamvetsa chifukwa chake mtsikana wokanizidwa ankathokoza chonchi.

Sabata imeneyo ndinkayenda ngati ndatola chikwama. Ndinkati basi, boma lili kumbali yanga, anti sapita. Lachisanu nditaweruka ndinatsalira kuti ndifunse aphunzitsi athu a phunziro la za boma, bambo wachikulire wakuda amene anakulira kum'mwera kwa dziko lino nthawi yomwe anthu akuda ankakanizidwa nyumba poyera. Ndinanamizira kuti ndi nkhani ya mnzanga.

Anandifotokozera pang'onopang'ono. Anati lamulolo lilipodi, ndipo anthu analivutikira kwambiri kuti likhalepo. Mwini nyumba zambiri za lendi sangakane munthu chifukwa cha chipembedzo. Kulemba kapena kulengeza tsankho n'koletsedwanso. Koma munthu amene akukhala momwemo, wogawana nawe khitchini ndi bafa, lamulo kawirikawiri limamusiya asankhe yekha wokhala naye. Anati iwo si loya, ndipo pali ofesi yolandira madandaulo otere ngati mnzangayo akufuna kukafunsa. Kenako anavula magalasi n'kundiyang'ana.

"Mnzakoyo akufuna kukasumira ndani?"

Mpaka nthawi imeneyo ndinali ndisanaganizepo kuti lamulo limafuna dzina la wolakwa, ndipo dzinalo ndi la amayi anga.

Komabe madzulo ake ndinayesa. Amayi anali atakhala pampando wa kukhitchini mapazi ali m'beseni la madzi otentha, anti ali kogula zinthu. Ndinawauza kuti a nyuzipepala akana, ndi lamulo. Ndinawakumbutsanso za chaka chomwe tinafika, mmene tinaimbira foni nyumba ina ku Virginia n'kuuzidwa kuti ilipo, koma titafika pakhomo mzungu mwini nyumbayo atationa anati yangotengedwa kumene. Tsiku limenelo amayi analira m'basi njira yonse. Ndinawafunsa kuti kusiyana kwake n'kotani.

Anasuntha zala m'madzimo.

"Uja anali ndi nyumba zambirimbiri ndipo sankagona m'mene tinkafunamo. Ine ndili ndi bafa limodzi ndi mwana mmodzi."

"Koma amayi, ndi lamulo."

"Lamulo lati tisalembe. Chabwino, sitilemba. Kodi kwathu chipinda chimafunidwa m'nyuzipepala? Tikalengeza kutchalitchi."

Mpingo wathu umasonkhana Lamulungu masana m'holo yobwereka, Amalawi ndi a ku Zambia pamodzi. Ulaliki ukatha pamabwera zolengeza, ndipo ndi nthawi yomwe anthu amamvetsera kuposa ulalikiwo: ndani wabereka, ndani wataya mbale kumudzi, ndani akupita kwathu ndipo angathe kunyamula katundu wa anzake. Pakati pa maliro a ku Kasungu ndi tsiku la kwaya, mlembi anawerenga kuti kwa amayi anga ku Hyattsville kuli chipinda, akufuna mlongo wopemphera. Anthu anagwedeza mitu. Ine ndinali pamzere wa kwaya, ndinangoyang'ana nsapato zanga.

Chimene amayi anaiwala n'chakuti theka la azimayi a m'holo imeneyo amagwira ntchito m'nyumba za okalamba, ndipo atatu mwa iwo amagwira pamodzi ndi anti. Lolemba m'mawa, akusintha mabedi, mayi wina wa ku Lusaka anawafunsa anti mosaganiza choipa chilichonse: "Ba sisi, muchoka liti? Namvela ku chechi ati rumu yanu bafuna munthu."

Anti anandiuza okha zimenezi pambuyo pake. Ati anayankha kuti posachedwapa, n'kupitiriza kukoka shiti.

Tsiku limenelo nditatsika basi ndinawapeza akusenda anyezi monga mwa masiku onse. Anandifunsa za mayeso a masamu. Amayi atabwera, anti anawapatsa moni, anadikira avule nsapato, kenako anati, "Achemwali, ndamva kuti chipinda chikufuna munthu. Mundipatse masabata awiri." Amayi anakhala pansi osavula ngakhale jekete. Anayamba kufotokoza, mawu akuwathawa, koma anti anati palibe chifukwa, mwana ndi wanu, nyumba ndi yanu. Palibe anakweza mawu. Ndikanakonda akanakangana, mwina pakanapezeka pokonzera.

Lachinayi lapitali ndinawapeza anti akukulunga makapu awo m'mapepala. Ndinawauza zonse: za foni, za aphunzitsi, za ofesi ya madandaulo. Ndinati ngati akufuna ndikhoza kuwaperekeza, Chingerezi ndikalankhula ndine. Anandiyang'ana n'kuseka mpaka anakhala pakatoni.

"Ndiye boma lidzabwera kudzakhala pasofa pakati pa ine ndi amayi ako? Lidzatithirira tiyi?"

"Koma si chilungamo, anti."

"Lamulo limenelo ndalifuna sabata ino, ndipo landithandiza. Ndafunsa nyumba zitatu nditafunda mpango wangawu, palibe wanditsekera chitseko. Limenelo ndi la eni nyumba. Koma kukhala m'khitchini ya munthu amene sakukufuna, utanyamula kalata ya boma m'manja, ayi mwanawe. Mpunga wake sungatsike."

Ndinawauza kuti zonsezi ndi chifukwa cha ine, chifukwa cha tsiku limodzi lija ndi mpango uja. Anasiya kuseka. Anati ndisadzikweze, mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi sangasamutse munthu wamkulu. Anati amayi anga ali ndi mantha, ndipo iwonso akanakhala ndi mwana wamkazi kuno n'kumupeza akuimba nyimbo za kwaya, sakudziwa chomwe akanachita. Chinawapweteka n'chakuti anamvera kwa munthu wapadera, ali ndi shiti yonyowa m'manja, pomwe m'mawa womwewo anali atamwa tiyi ndi amayi patebulo limodzi. Atanena zimenezo anatembenukira kukhoma, ndipo ndinatuluka kuti ndisawaone akulira.

Apeza malo ku Falls Church, kufupi ndi Seven Corners, kwa azimayi awiri a ku Somalia. Ati ndi pafupi ndi kopemphera, koma palibe wolankhula naye Chichewa kapena Chiyao, ndipo kuntchito azikwera mabasi awiri ndi sitima. Wolowa m'chipinda cha anti kuno wapezeka kale, mayi wa mumpingo wathu amene amagwira ntchito masana mpaka madzulo. Ndikatsika basi ndizipeza nyumba yokiya. Sindikudziwa ngati amayi aganizapo zimenezo, ndipo sindiwauza, chifukwa zimveka ngati ndikuwabwezera.

Lero m'mawa amayi asanapite kuntchito ndinawaona ataima pakhomo pa chipinda cha anti, dzanja lili m'mwamba kuti agogode. Anaima choncho nthawi yaitali. Kenako anatsitsa dzanjalo, anatenga chikwama, n'kutuluka. Ndimawakonda amayi anga, ndipo ndikudziwa kuti zonse amachita ndi msana wopweteka chifukwa cha ine. Ndikukhulupirirabe kuti tsiku lina awiriwa adzakhalanso pansi, pakuti kuntchito azionanabe tsiku ndi tsiku ndipo nkhalamba zolemera amazinyamula awiriawiri. Koma lero sindikutha kuwakhululukira za zolengeza zija.

Galimoto yodzatenga katundu ibwera mawa wani koloko, nthawi yomwe timanyamuka kupita kutchalitchi. Anti andiuza kuti ndisavutike, ndipite ndi amayi. Ndaganiza tsiku lonse. Mawa m'mawa, amayi akamamwa tiyi, ndiwauza pamaso kuti sindipita nawo kutchalitchi, ndikuperekeza anti ku Falls Church kukawathandiza kukweza makatoni, ndipo ndibwerera pa sitima dzuwa lisanalowe. Sindizemba ndiponso sindinama. Ndiwafunsanso ngati ali ndi mawu oti ndikawanenere kwa anti.