Mtumbira wa Anyamata a M'ndege

Lero ndikukumba mtedza ku Mavwere, ndege inadutsa m'mwamba, ndipo ndinakumbukira inu, agogo a mkazi wanga. Chaka changa choyamba pa chikamwini, pofuna kuoneka wakhama, ndinasalaza kamtumbira kamene kanali kumapeto kwa munda wanu n'kudzalapo mtedza. Mutafika munaseka mpaka kutsokomola. "Mkamwini, wadzala pamanda," munatero. Khasu linandigwa m'manja.

Kenako munandifotokozera. Muli msilikali pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse ija, muli m'sitima yapamadzi, munaona ndege yoponya mabomba ya mbali yanu itawomberedwa ndi adani. Inafuka utsi n'kugwera m'nyanja yamchere, ndipo palibe anatulukamo. "Sindinkawadziwa, koma anali ana a anthu. Ndani akanawathirira dothi?" Mutabwerera kumudzi munawaunjikira dothilo nokha. Ndinkafuna kuzula mtedzawo, inu n'kukana: "Usiye, anyamatawo alaweko wa ku Mchinji."

Agogo, mtumbira uja ndinauunjikanso, ndipo chaka chilichonse ndimadzalapo mtedza. Chaka chino wabereka kwambiri. Popeza tsopano muli nawo limodzi, muwafunse ngati ukuwakomera.