Kachitunda Kotsikira Njinga

Ndinaphunzira kupalasa njinga imvi zitayamba kale, ndipo chinandiphunzitsa ndi mkwiyo basi.

Amuna anga atamwalira, abale awo anabwera kuchokera ku Mongue kudzameta ndi kugawana katundu. Malemuwo anali mkamwini kwathu kuno, choncho nyumba ndi munda zinatsala ndi ine, koma zovala ndi zipangizo zawo zinali za kwawo. Jekete inapita, wailesi inapita, ngakhale nsapato zong'ambika zinapeza mwini. Sindinatsutse, mwambo ndi mwambo. Koma alamu anga, mng'ono wawo wa malemu, atagwira chishalo cha njinga, ndinamva mutu kutentha.

"Imeneyo isiyeni, alamu," ndinatero.

"Mutani nayo? Kupalasa simutha. Ingochita dzimbiri."

"Ndiphunzira."

Anaseka mpaka kutsokomola. Mwayi wanga unali wakuti tayala lakumbuyo linali lophwa, ndipo iwo analibe mtima woikankha mpaka ku Mongue. "Chabwino alamu," anatero. "Ndidzabwera nandolo akauma. Ndikadzakupezani mukupalasa, ndi yanu. Apo ayi, ndidzatenga."

Njingayo ndi yakuda, yachimuna, ya mtanda pakati. Zaka zonse za banja lathu ndinkakhala pa kaliyala chammbali, miyendo mbali imodzi monga timakhalira azimayi. Msewu wa ku vila, kutauni ya Milange, ndinkaudziwa mbali iyi popita, mbali inayo pobwera. Kutsogolo kunali msana wawo. Amuna anga sanali munthu wa nkhani. Pakhomo ukawafunsa kanthu, yankho linali "eya" kapena "kaya". Koma pali kachitunda kena ukangowoloka mtsinje, pamene nthawi zonse ankaima nkunena kuti, "Tsikani mayi, mwalemera." Ndinkatsika ndikulalata, kuwafunsa kuti nanga chimanga chondinenepetsacho amalima ndani. Tinkayenda limodzi, iwo akukankha njinga, ndipo pamenepo pokha mpamene pakamwa pawo pankatseguka. Ankanena za ana, za mvula, za amayi awo amene anawasiya ali aang'ono. Tikafika pa mtengo wa mango chapamwamba ndinkakwera, kenako zii mpaka ku vila.

Wondigwirira kaliyala pophunzira panalibe. Mwana wanga wamkazi ali ku Mocuba, wamwamuna ali kumaesiteti a tiyi kutsidya ku Malawi. Ndinakamatitsa chubu, ndipo poyamba ndinayesa pabwalo la sukulu. Azimayi ochokera kumjigo anatula ndowa kuti aonere bwino. Wina ananena mokweza dala kuti, "Maliro dzulodzuloli, lero masewera. Kapena akufuna banja ku vila." Ndinamuyankha mawu amene ndinakaulula kwa ansembe Loweruka lake. Kuyambira pamenepo ndinasamukira m'kanjira kodutsa m'munda mwanga wa chinangwa, masana dzuwa litathamangitsira anthu m'mithunzi.

Chitenje chinkakodwa m'tcheni. Ndinakasolola buluku lakale la malemu limene ndinatsekera bowo la nkhokwe, lokhalo limene abale awo sanalione, ndikulivala mkati. Koma vuto lalikulu linali khosi langali. Linazolowera kuyang'ana kumbali. Ndikangopalasa pang'ono mutu unkatembenuka wokha kuyang'ana minda, njinga nkutsatira mutu, ine khuu m'chinangwa. Ndinathyola mitengo ya chinangwa yambiri kuposa imene mbuzi za eni zinandithyolerapo. Ndinaitukwana njingayo, ndinatukwana alamu, ndinatukwana ndi malemu omwe chifukwa chofa asanandiphunzitse.

Mabala a m'mawondo sankandiwawa kwambiri. Chinkandiwawa ndi kufika pakhomo ndikutsimphina, dothi mpaka m'makutu, osapeza ngakhale wondiseka. Ndinkatsuka mabalawo ndi madzi a mchere, kutsamiritsa njinga kukhoma la kuchipinda, nkukhala pakhonde kuonera nkhuku. Ndinali ndekha, ndipo ndinkadziwa kuti njingayo ikapita, m'nyumbamo simutsala kanthu kosonyeza kuti munakhalapo munthu wamwamuna amene ankandinyamula.

Chinandithandiza ndi phiri la Tumbine. Ndinaganiza zoliyang'anitsitsa ngati mmene ndinkayang'anira msana uja tikamatsetsereka. Tsiku lina ndinangozindikira kuti mapazi onse ali pa mapedulo ndipo chinangwa chikuthawira kumbuyo. "Mwaona?" ndinafunsa, ndikucheuka. Kumbuyo kunali kanjira kokha. Ndinagwanso, koma ulendo umenewo ndinadzuka osatukwana.

Nandolo atauma, uthenga unafika kuti alamu akubwera tsiku la msika. Sindinafune kuti andipeze pakhomo ngati wodikira mlandu. Ndinavala buluku langa, chitenje pamwamba, ndikupalasa kukawachingamira kumsewu waukulu kumene basi imatsitsa anthu. Pamjigo ndinaimba belu popanda wondiima panjira. Ndinawoloka mtsinje, ndipo nditafika pakachitunda kaja ndinatsika nkuyamba kukankha. Sindinaganize ayi. Kwa ine pamenepo panali potsikira.

Ndili pakati, ndinaona alamu akutsetsereka wapansi, pampu ili m'manja. Anabwera atakonzeka kubwerera pa njinga.

"Ndinanena ine," anatero tisanalonjerane nkomwe. "Iyi si ya azimayi. Mukuikankha ngati wilibala."

"Ndapalasa kuchokera kunyumba. Pano mpokwera, aliyense amatsika."

"Pano? Kachitunda aka?" Anayang'ana m'mwamba, anayang'ana pansi. "Achimwene ankakwera pano ndi matumba awiri a chimanga, ine nditakhala pamwamba pake, iwo akuimba mluzu. Sanatsikepo pano chibadwire."

Kenako ndinatembenuza njinga, kubwerera kumtsinje, kukwera. Ndinakonzekera kulimbana nako, mano nditaluma. Sikanalimbe ayi. Ndinadutsa alamu, ndinadutsa mtengo wa mango pamene nkhani za amuna anga zinkathera, ndinafika pamwamba mpweya uli wonse. Ine amene ndinaphunzira dzulo, ndi mawondo a zipsera. Zaka zonsezo ndinkalalatira munthu amene ankangofuna kuyenda pambali panga, nkusowa ponenera.

Alamu atandipeza pamwamba ndinali ndikulira, ndipo iwo anaganiza kuti ndikulirira njinga. "Musalire alamu, ndaona ndi maso anga. Ndi yanu." Anasinthasintha pampu ija m'manja, kenako anaimangirira pa kaliyala. Sindinawafotokozere. Akanamva chiyani?

Masiku ano ndimapita ndekha ku vila, kuchigayo, ku tchalitchi, ndipo amene ankatula ndowa aja amandituma mchere. Ena amandifunsa chifukwa chimene ndimatsikira pakachitunda kosavuta ngati kaja. Ndimawauza kuti ndalemera. Ndimakankha njinga pang'onopang'ono, ndikuwauza amuna anga za ana ndi za mvula, mpaka pa mtengo wa mango.