Funso la M'nazale ya Malume

Tsiku limene anamuchotsa ku yunivesite, mtsikanayo sanamve n'komwe zimene mkulu wa sukulu ankanena. Matenda oumitsa khosi anali atamugonthetsa makutu onse awiri, ndipo mayeso anali atalephera kawiri. Anangoona milomo ikuyenda, kenako dzanja likuloza chitseko.

Malume ake anamutengera ku nazale yawo ya mitengo ya zipatso. Ankalankhula naye polemba pa katoni.

"Kuno sudzavutika," analemba. "Mbande sizilankhula."

Zaka zitatu mtsikanayo anakhala akumezanitsa malalanje, zala zili mabala okhaokha. Koma chinthu china chinkamuzunguza mutu. Lalanje lomera ku njere limatha zaka osachita maluwa, pomwe kanthambi kodulidwa pa mtengo waukulu, kakamezanitsidwa, sikachedwa.

"Malume, kanthambi aka kamadziwa bwanji kuti n'kachikulire?"

"Ine mitengo ndimagulitsa, sindiifunsa mafunso."

Mtsikanayo sanagwe ulesi. Anabwereka mabuku, mawu ovuta n'kumawabwereza mpaka atalowa. M'menemo anapeza kuti m'maselo a zomera muli tizinthu ting'onoting'ono totchedwa RNA. Mtundu wina wa timeneti umachuluka chomera chikadali chanthete, n'kumatsekereza majini (malangizo a chibadwa a m'maselo) oyambitsa maluwa. Chomera chikamakula timachepa, majiniwo amamasuka, maluwa n'kutuluka.

Analembera ku yunivesite kupempha kuti abwerere. Anamukana katatu. Kalata yachinayi inagwera m'manja mwa mayi wina wophunzitsa za zomera, yemwe anayankha mwachidule: "Bwera ndi funso lakolo. Makutu ndili nawo anga."

Sizinali zophweka. M'kalasi ankakhala kutsogolo, maso ali pa milomo ya aphunzitsi, ndipo aphunzitsiwo akatembenukira ku bolodi, phunziro linkamudutsa. Mu labotale namo, RNA sichedwa kuwonongeka: masamba amene anasonkhanitsa miyezi isanu anapita pachabe firiji itazima. Analira, m'mawa mwake n'kukathyola ena.

Lero ndi dokotala wa sayansi ya zomera. Amafufuza mmene mitengo ya zipatso ingayambire kubereka msanga, ndipo ophunzira amalimbirana malo m'kalasi mwake.

Inu amene mukuwerenga, mwina nanunso chinachake chinakuchokerani ndipo sichidzabweranso. Lirani, palibe cholakwa. Koma mukapukuta misozi, werengani zimene zatsala m'manja mwanu, muyambire pomwepo. Osataya mtima.